Mimba Yanga Ili ndi Ndandanda Yakeyake

Ndimayendetsa sitima ya mumsewu ku Lisbon,
yachikasu, yokalamba, yolira pokhota.
Zitunda zonse ndimazidziwa,
koma chimene ndidaloweza koposa
si mayina a misewu ayi,
ndi zimbudzi:
cha kuseri kwa malo omwera khofi a bambo Anacleto,
cha kumsika chothyoka loko,
cha ku Graça chimene amatseka nthawi ya nkhomaliro.

Zaka zinayi mimba yanga yakhala ndi ndandanda yakeyake.
Lolemba imatseguka ngati mpopi,
Lachinayi imamanga, gwa! ngati mwala wa mumsewu.
Madzulo imafufuma, lamba wa yunifomu n'kuyamba kundiluma,
mpaka mlendo wina adandifunsa kuti ndi ya miyezi ingati.
Ndidaseka naye.
Ndidakalirira kudepoti.

Adanditenga magazi. Adayeza chimbudzi.
Adalowetsa kakamera m'matumbo ine ndili mtulo,
ndipo nditadzuka Dokotala Fontoura adati:
"Mulibe chilonda, mulibe chotupa."
Ndidapsa mtima.
Ndinkafuna chinthu choti ndichiloze ndi chala,
choti ndikamuonetse kapitawo
amene amayang'ana wotchi ndikamathamangira kuseri.

"Ndiye kuti ndikunama?"
"Ayi," adatero akuvula magalasi, "ululuwo ndi weniweni.
Njanji zili bwino, mayi Graciete. Vuto lili m'mawaya.
Matumbo ndi ubongo zimayankhulana tsiku lonse,
koma anuwa sachedwa kunyanyuka,
amakuwa pomwe a ena amanong'ona.
Kampweya pang'ono chabe, iwo aimba kale belu ngati kwagwa ngozi."

Adandipatsa kope, osati jakisoni.
"Muzilemba zimene mwadya, mmene mwagonera,
ndi chimene chakusowetsani mtendere.
Koma mukaona magazi, mukamaonda popanda chifukwa,
ululu ukamakudzutsani pakati pa usiku,
musadikire tsiku limene ndakulemberali. Bwerani."

Ndidasanduka wapolisi wa mbale yanga.
Anyezi adagwidwa sabata yachiwiri. Adyo naye, m'bale wake.
Mkaka umene ndinkaukayikira udapezeka wosalakwa,
ndidaupepesa.
Titafika pa msuzi wa nyemba ndi kabichi wa amayi anga
ndidayamba ndatseka kope.
Ungawauze bwanji amayi a zaka makumi asanu ndi awiri
kuti chikondi chawo chimakupotokola m'mimba?
Adakhala chete, akupukuta supuni youma kale.
Kenako: "Theka la mbale. Loweruka lokha, poti mawa lake supita kuntchito."

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti
pafupifupi tsamba lililonse loipa
linali ndi dzina la Amílcar m'mphepete,
mwana wanga wa kusitima zam'nyanja,
amene amatha mwezi osaimba foni.
Kani nkhawa nayo imamezedwa,
ndipo imafika kumene chakudya chimafika.

Tsopano khofi ndimamwa kapu imodzi, osati zinayi.
Ndimadya nditakhala pansi,
osati chiimire, dzanja lina lili pabuleki.
Ndikaweruka ndimatsika wapansi mpaka kumtsinje wa Tejo,
miyendo ikamayenda matumbo nawo amakumbuka njira.
Pamaloboti ndimakoka mpweya kufikira pamchombo,
ndimawerenga mpaka folo, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.
Apaulendo amayesa ndikupemphera. Mwina n'zoona.

Kapitawo ndidamuuza poyera, patsiku lamvula,
mawu onse, ngakhale ochititsa manyazi aja.
Adakanda m'mutu, nati mkazi wake nayenso ali choncho
ndipo sanauzepo munthu.

Sindinachire, musandimve molakwa.
Sabata yatha ndidadya paukwati mosaganiza mawa
ndipo ndidalipira masiku awiri athunthu.

Dzulo pachitunda chija chopanikizika cha ku Alfama,
sitima yodzaza thothotho, galimoto itatseka njanji,
mimba idayamba: gu-gu-gu.
Kale thukuta likadatsika pomwepo.
Ndidaika dzanja pa lamba, ndidati chamumtima:
ndakumva, khala pansi,
kwa bambo Anacleto kwatsala masiteji awiri.
Mwini galimoto adatuluka m'sitolo atanyamula buledi,
akukweza dzanja kupepesa.
Ndidamuimbira belu kawiri, ndidamasula buleki.